Makina ochotsera sinowo: zolemba za chaka changa choyamba ku Minneapolis

15 Okutobala 2022: kusankha

Kwa zaka 6 takhala tikuchita lendi m'nyumba zosanja, ndipo za sinowo sizinkatikhudza. Tikamadzuka tinkapeza eni nyumba atatuma kale anthu kudzapala. Mu Ogasiti talowa m'nyumba yathuyathu, ndiye ntchito yonseyo yagwera ine. Kamsewu kochokera ku galaja, komwe kuno amati driveway, n'kakonkire, kotalika mamita 18, m'lifupi mamita atatu ndi theka. Palinso kanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba. Lamulo la mzinda wa Minneapolis limati mwini nyumba ngati yathuyi achotse sinowo pakanjirako pasanathe maola 24 atasiya kugwa, ndipo ukapanda kutero akhoza kutuma anthu awo n'kukulipiritsa. Koma chimene chikundisowetsa tulo si lamulolo. Mayi a kunyumba amayamba ntchito 6 koloko m'mawa, choncho galimoto iyenera kutuluka pofika hafu pasiti 5, kugwe sinowo kusagwe.

Poyamba ndimati ndingogula mafosholo awiri basi. Aneba athu, bambo achikulire obadwira konkuno, anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako ananditengera kumapeto kwa driveway, pomwe imakumana ndi msewu. Anati vuto si sinowo amene amagwa kuchokera kumwamba. Vuto ndi mthumbira umene chigalimoto chopala msewu chimasiya pakhomo pako chikadutsa. Sikulakwa kwa oyendetsawo, sinowo wa mumsewu ayenera kupita kwinakwake. Koma mthumbirawo umakhala wothithikana, wosakanizika ndi mchere komanso mchenga, ndipo ukagona usiku umauma gwa. Anandiuza kuti makina ndisankhe poganizira mthumbirawo.

M'masitolo ndapeza mitundu iwiri. Ang'onoang'ono, a single-stage, ali ndi zopalira za labala zimene zimakhudza pansi n'kuponya sinowo nthawi imodzi. Ndi opepuka, amasesa bwino pakonkire, koma amagonja sinowo akapitirira masentimita 20 kapena akalimba. A two-stage ali ndi zitsulo zopiringizika kutsogolo, zomwe amati auger, zimene zimaswa ndi kukokera sinowo mkati, kenako chikupizo chothamanga kumbuyo kwake n'kumuponya kudzera pakhosi lotulukira. Amadziyendera okha ndi magiya. Amenewa ndi omwe ndikufuna. Atsopano a mainchesi 24 ndawaona kuyambira madola 900 kupita m'mwamba, ndipo ndalama zimenezo pakadali pano tilibe. Ndisaka ogwiritsidwapo kale ntchito.

22 Okutobala 2022: ndagula

Ndawapeza pa Facebook Marketplace: two-stage, mainchesi 24 m'lifupi, injini ya 208cc, magiya 6 opita kutsogolo ndi awiri obwerera. Amalira ukakoka chingwe, komanso ali ndi sitata yolumikiza kumagetsi a m'nyumba. Mwini wake amafuna madola 380, tagwirizana 325. Mnzanga wapikiapu ndamupatsa 20 ya mafuta.

Ndinapempha kuti asawalize ndisanafike, kuti ndione mmene amadzukira injini ili yozizira. Analira pa kukoka kwachinayi. Ndinayesa magiya onse, ndinaona kuti auger ikuzungulira, ndinasuzumira pansi ngati pali zoboola za dzimbiri. Kalilidwe ka injini sikanandisangalatse: imakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo imakhazikika pokhapokha tchoko, kachitseko kochepetsa mpweya wolowa mu injini, ili theka. Mwini wake anavomera kuti petulo wa m'thankimo ndi wa chaka chatha. N'chifukwa chake anatsitsa mtengo.

29 Okutobala 2022: sevisi yoyamba

Ndayamba ndi petulo. Amene ndakhuthula m'thanki anali wachikasu ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake ngati vanishi. Petulo wamba wa ku Minnesota amakhala ndi ethanol 10 peresenti. M'galimoto sizivuta chifukwa amatha msanga, koma m'makina okhala miyezi 7 osalira amakoka chinyezi n'kusiya zomatamata m'kabuleta, momwe petulo amasakanizikira ndi mpweya.

Ndamasula kambale ka pansi pa kabuleta ndi sipanala ya 10. Pansi pake panali matope obiriwira. Kabowo ka jeti yaikulu, kodutsira petulo, kochepa ngati diso la singano, kanali katatsekeka theka. Ndathira mankhwala opopera otsukira kabuleta, n'kupisamo kawaya kamodzi kothothola pa burashi ya waya, pang'onopang'ono kuti kabowoko kasakule. Pobwezeretsa, kalabala kozungulira kambaleko kanali katatupa, kanakana kulowa m'malo mwake, ndipo ndikukakamiza kanaduka. Ntchito inaima maola awiri ndikukasaka kena. Amene mukufuna kutsegula kabuleta, gulirani kalabalako musanagwire sipanala.

Oilo wakale anali wakuda bii. Ndathira 5W-30, kupitirira pang'ono theka la lita, mpaka pachizindikiro. Pulagi yatsopano ndayeza mpata wake pa 0.76 mm monga buku la injiniyi likunenera. Bukulo ndalipeza pa intaneti polemba nambala ya makina yomwe ili pachomata cha kumbuyo.

Nsapato ziwiri za m'mbali, zimene makina amatsetserekerapo, zinali zitadyeka mpaka kupyapyala. Ndaika zatsopano. Poyeza kutalika ndaika katoni pansi pa mpeni wopalira, chitsulo chopingasa cha pansi pa makina, ndatsitsa nsapatozo mpaka kukhudza konkire, n'kumanga. Mpata wake ndi ngati mamilimita atatu. Wa driveway ya miyala ayenera kukweza kwambiri kuposa apa, apo ayi makina adzatola miyala n'kumaiponya ngati legeni.

Zowononga lero: oilo 9, pulagi 6, mankhwala a kabuleta 7, timalabala 11, mankhwala oteteza petulo kuti asaonongeke 10, chigubu chofiira cha petulo 22, nsapato 24. Petulo ndagula wopanda ethanol, amene malo ena omwetsera mafuta amagulitsa papampu yapadera ya mainjini ang'onoang'ono. Injini tsopano ikulira mokhazikika, tchoko ili yotsegula.

29 Novembala 2022: sinowo woyamba weniweni

Wagwa wopitirira mainchesi 8. Ntchito yonse yanditengera mphindi 50, ndipo theka la nthawiyo ndaitaya chifukwa cha mphepo. Ndinalozetsa khosi kumene mphepo imachokera, sinowo yense n'kumabwerera kumaso kwanga ndi pamalo pomwe ndapala kale. Kenako ndinaona mmene aneba amachitira: amaona kaye kolowera mphepo, amayambira mbali imene ikuchokera, n'kumaponyera kumene ikupita. Kukakhala bata amadula mzere pakati n'kumazungulira akuponyera kunja mbali zonse ziwiri. Kuponyera mumsewu n'koletsedwa.

Mthumbira uja ndakumana nawo madzulo, wofika m'mawondo. Ndinaulowa ndi giya 3, makina anakwera pamwamba pake, matayala n'kumangozungulira. Ndi giya 1, ndikuluma theka la m'lifupi mwa makina, unatha bwinobwino. Apa m'pamene ndakhutira kuti ndinasankha mtundu woyenera.

23 Disembala 2022: kuzizira kwandiphunzitsa ziwiri

Dzulo ndinapala sinowo wouma wopepuka, ndinangozimitsa n'kulowetsa makina m'galaja osawasasa, chifukwa zala zinali zitachita dzanzi. Kunja kuli pansi pa -20°C ndipo mphepo ikubwezera sinowo m'driveway. M'mawa uno injini inadzuka ndi sitata ya magetsi, koma nditafinya chogwirira cha auger panamveka kulira kwa tswiii, n'kubwera fungo la labala wopserera. Sinowo amene anatsalira mkati anali atasungunuka pang'ono, n'kuumanso usiku, chikupizo n'kumatirira kuchitsulo. Pule, kagudumu kozungulitsa lamba, imazungulira, lamba n'kumapsa pamalo amodzi. Ndinazimitsa, ndinachotsa waya wa pulagi, n'kusungunula ayeziyo ndi choumitsira tsitsi cha mayi a kunyumba kwa mphindi 20. Madzi otentha ayi, amangokaumanso. Kuyambira lero ndikamaliza ntchito ndizisiya auger izungulire yopanda kanthu kwa miniti imodzi, kenako ndizimitse n'kusasa zonse ndi tsache.

Chachiwiri n'choopsa, ndipo ndikuchilemba kuti wina asachite. Pothawa mphepo ndinaliza injini m'galaja chitseko chitangotseguka kufika m'mawondo. Mayi a kunyumba anatulukira pakhomo la kukhitchini akufuula: “Abambo, zimitsani chimenecho, utsi walowa m'nyumba!” Mutu wandipweteka mpaka masana. Mu utsi wa injini muli carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha, uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nthawi ya Juni. Makina aziyamba atuluka panja, kenako n'kuliza. Chingwe cha magetsi ndili nacho chachitali, chimafika.

4 Januwale 2023: pini yaduka

Sinowo wakhala akugwa kuyambira dzulo, wolemera, ndipo akugwabe. Ndinatuluka hafu pasiti 4. Ndili pafupi ndi khomo la m'mbali ndinamva phokoso limodzi, gu, makina n'kugwedezeka, injini n'kupitiriza kulira ngati palibe chachitika. Nditayenda pang'ono ndinaona kuti mbali ya kumanzere ikungokankha sinowo osamumeza. Chopondera mapazi cha labala, chimene ana anachikokera m'driveway posewera, chinali chitakulungika mu auger ya kumanzere.

Dzanja limathamangira lokha kuti likachikoke. Musalole. Ngakhale injini itazima, lamba ndi chikupizo zimatha kukhala zitakungika, ndipo chotsekacho chikangochoka zimadumpha pang'ono. Kudumpha pang'onoko n'kokwanira kudula zala, ndipo chaka chilichonse zipatala za kuno zimalandira anthu ovulala motere. Ndinazimitsa, ndinazula kiyi, ndinachotsa waya wa pulagi, n'kudula chopondera chija ndi mpeni m'zidutswa, ndikuzikoka ndi pulayala komanso mtengo wa tsache.

Auger ya kumanzere imangozungulira yokha pa shafiti. Kabawuti kolumikiza ziwirizi, komwe amati shear pin, kanali katadukira mkati. Spea ndinalibe, masitolo anali asanatsegule, nthawi ikuthamangira 5 koloko. M'chitini changa cha mabawuti ndinapeza ina yolowa bwinobwino pabowopo, yachitsulo cholimba. Ine ndinakulira pafupi ndi chigayo cha amalume ku Dedza, ndipo kumeneko chinthu chikathyoka umaikapo cholimba kuposa chakale kuti chisadzathyokenso. Ndinaona ngati ndachita mwayi.

Aneba anali atamva kuti makina anga asiya kulira, ndiye anabwera ndi tochi. Ataona bawuti ili m'manja mwanga anaitenga n'kundibwezera m'thumba la jekete. Anandisonyeza kabokosi ka magiya kamene kali pakati pa ma auger awiriwo. Mkati mwake muli giya la mkuwa, lofewa. Pini ija anaipanga dala kuti ikhale yosalimba, kuti auger ikagwidwa ndi chinthu iyo iduke, giyalo lipulumuke. Ukaikapo bawuti yolimba, tsiku lina chimene chimasweka ndi giya, ndipo kukonza kwake kungadye ndalama zofika theka la zomwe ndinagulira makina onse. Anandipatsa pini imodzi pa zawo, yofanana kukula. Tinakhomola chidutswa chakale ndi msomali ndi hamala, n'kuika yatsopano. Galimoto inatuluka 5:40.

Asanapite anachita chinthu chimene sindinachiganizire tsiku logula. Anachotsa pini ya kumanja n'kuyesa kuzungulitsa auger ya mbali imeneyo ndi dzanja. Sinasunthe n'komwe. Dzimbiri linali litaimata ku shafiti. Kutanthauza kuti mbali imeneyo pini ilipo koma ilibe ntchito, ndipo chopondera chija chikanalowa kumanja, lero bwenzi ndikulemba za giyabokosi yosweka. Mtima unandigunda nditazimvetsa. Pogula makina akale, chotsani mapini onse pamaso pa mwini wake n'kuzungulitsa auger iliyonse. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Madzulo lamba amene ndinamuwotcha mu Disembala anayamba kuterereka. Sinowo amangogwera mamita awiri. Mthumbira wa lero ndaumaliza ndi fosholo, ndipo msana ukundiuza.

7 mpaka 15 Januwale 2023: lamba ndi dzimbiri

Chimvula cha sinowo chija chinasiya opitirira mainchesi 14. Ndagula mapini anayi a nambala ya makina anga, madola 12, ndipo aneba ndawabwezera yawo.

Pa lamba ndataya ndalama. Ndinatenga wakaleyo kupita naye kusitolo ya zitsulo n'kugula wooneka wofanana, wa madola 11. Wakaleyo anali atatamuka kale, ndiye watsopanoyo anali wamtali pang'ono ndipo amaterereka chimodzimodzi. Ndinaitanitsa weniweni polemba nambala ya makina, madola 27, anafika patatha masiku anayi. Posintha ndinakhuthula kaye petulo, ndinaimika makina chamutu pa mbali ya auger, ndinachotsa chivundikiro cha pamwamba pa malamba ndi chitsulo cha pansi. Ndinajambula ndi foni ndisanamasule chilichonse, ndipo zithunzizo zinandipulumutsa pobwezeretsa kasipuling'i ndi kabuleki ka pule. Nditamanga, ndinakunga waya wa chogwirira mpaka kulendewera kutatha, koma osati mpaka auger kumazungulira yokha chogwirira chisanafinyidwe. Zimenezo muziyesa ndithu: mukasiya chogwirira, auger iime m'masekondi ochepa.

Dzimbiri linafuna kuleza mtima. Madzulo aliwonse ndimathira mafuta omasulira dzimbiri, a madola 9, pabowo la pini ndi kumapeto konse kwa auger, n'kumenya pang'onopang'ono ndi hamala nditatsamiza thabwa. Kumenya mwamphamvu kukanapweteka giya lomwe ndikuliteteza. Masiku 7 panalibe chosintha. Tsiku la 8 inasuntha pang'ono ngati chikhadabo, madzi ofiira n'kutuluka pabowo. Ndinapitiriza kuigwedeza uku ndi uku mpaka inazungulira yonse. Ndapanikizira gilisi, wa madola 8, m'mabowo a mapini mbali zonse ziwiri. Masiku onsewa ndimapala ndi fosholo, sindinafune kuyesa mwayi kachiwiri.

25 Febuluwale 2023: matayala akana kukoka

Kuyambira pa 21 mpaka pa 23 wagwa wokwana pafupifupi mainchesi 13, m'magawo awiri. Kuponya kuli bwino tsopano, sinowo akukafika pakati pa kapinga. Koma pamthumbira matayala amangoima injini ikulira, ndimachita kukankha ndi ntchafu. Nditatsegula pansi ndapeza kagudumu ka labala kamene kamagunda pa mbale yachitsulo n'kuyendetsa matayala katadyeka, katang'ambika m'mbali. Mu Januwale ndinakaona koma ndinati kapirira. Labala watsopano ndi madola 19, ntchito ya ola limodzi ndi theka. Mbaleyo ndaipukuta ndi sipiriti mpaka kuuma. Shafiti imene kagudumuko kamatsetserekapo ndaipaka oilo pang'ono kwambiri ndi kansalu, chifukwa dontho limodzi likagwera pa mbale kuterereka kumayambiranso.

Makina amakokeranso kumanzere. Tayala la mbali imeneyo linali ndi mpweya wochepa. Ndawafananitsa ndi pampu ya njinga, zatha.

1 Epulo 2023: sinowo wamadzi

Usiku wathawu inayamba ngati mvula n'kusanduka sinowo, pafupifupi mainchesi 8, wolemera moti nthambi za mitengo zathyoka ndipo madera ena magetsi azima. Ndinayamba ndayenda driveway yonse ndikufufuza ndi phazi, n'kutola nthambi zitatu. Chizolowezi chimenechi ndachitenga pa 4 Januwale.

Sinowo wotere makina sakondwera naye. Amatuluka pakhosi ngati mtanda wa mkute n'kugwera pompo, kenako khosi n'kutsekeka. Latsekeka kasanu. Ulendo uliwonse ndimazimitsa, n'kudikira zonse ziime, n'kutokosa ndi kafosholo kapulasitiki kamene kamakhala pamakinapo. Chimene chathandiza: ndinapukuta khosi ndi chikupizo n'kupopera mankhwala otereretsa a silicone a madola 7, injini ndinaitsegula mpaka kumapeto, ndimaluma theka la m'lifupi, ndipo ndikafika kumapeto kwa mzere sindimasiya chogwirira cha auger mpaka khosi litatulutsa zonse. Pambuyo pake latsekeka kamodzi kokha.

Ndaonanso kuti pakati pa mapiko a chikupizo ndi khoma lake pali mpata wa pafupifupi sentimita imodzi, ndipo madzi ndi sinowo amathawira pamenepo. Ena amamangirira zidutswa za labala pamapikowo kuti mpatawo utsekeke. Ndidzayesa kukatentha.

29 Epulo 2023: kusunga

A zanyengo akuti chaka chino ku bwalo la ndege la Minneapolis–St. Paul kwagwa mainchesi 90.3, omwe ndi masentimita 229, pomwe chaka wamba amangopitirira pang'ono 50. Ndi chaka chachitatu pa zaka za sinowo wochuluka chiyambireni kulemba. Ndiye makinawa ndawayesa pa chaka chovuta.

Lero ndatsanulira petulo wotsala m'galimoto, ndaliza injini mpaka yazima yokha, n'kumasula kabawuti ka pansi pa kambale ka kabuleta kuti madontho otsiriza atuluke. Sindikufuna kudzaonanso matope obiriwira aja. Oilo ndasintha injini ikadali yofunda, botolo lina la madola 9. Ndathira kasupuni ka oilo pabowo la pulagi n'kukoka chingwe pang'onopang'ono kawiri. Ndatsuka mchere wonse ndi paipi, ndaumitsa padzuwa, ndapaka penti yotsala m'nyumba pomwe panakalika. Mapini ndachotsanso, ma auger onse awiri akuzungulira ndi chala chimodzi, ndawonjezera gilisi.

Kuwerengera zonse: makina 325, zina zonse 283, pamodzi madola 608. M'menemo muli petulo wa madola 40, lamba wolakwika uja, ndi mpeni wopalira watsopano wa madola 32 umene ndagula koma sindinaike, chifukwa mabawuti ake awiri agwira dzimbiri ndipo ndawanyika mafuta. Makina atsopano akanandipulumutsa ku masiku 9 a fosholo mu Januwale, zimenezo sindikana. Komabe nditati ndiyambirenso ndingagule akale omwewa, kungoti ndikanachotsa mapini tsiku logula, n'kusintha lamba ndi kagudumu ka labala mu Okutobala manja akadali ofunda, osati m'galaja yozizira ngati firiji.

Zatsala za Seputembala: mpeni wopalira, labala wa pa chikupizo, ndi kuyesa kuliza injini kudakali mwezi wathunthu kuti sinowo ayambe. Mapini awiri a spea ndawamata ndi tepi pansi pa chogwirira cha kumanja, pamodzi ndi msomali wokhomolera. Makina ndawafunditsa nsalu yakale, osati pulasitiki, kuti chinyezi chizituluka, ndipo pafupi ndi tayala ndatchera msampha wa mbewa chifukwa aneba akuti zimakonda kumanga chisa pansi pa chivundikiro cha injini.